Njira ziwiri zomangira pulogalamu ya pakompyuta

Pulogalamu ya pakompyuta, kaya ndi yowerengera malipiro a antchito, yosunga mbiri ya odwala kuchipatala kapena yotumizira ndalama pafoni, imamangidwa ndi gulu la anthu a maluso osiyanasiyana. Pamakhala ofunsa eni ntchito zimene akufuna, madizaina amene amakonza zomwe munthu adzaone ndi kudina pasikirini, olemba code, oyesa ngati zonse zikuyenda bwino, komanso manijala woyang'anira nthawi ndi ndalama. Kwa zaka zoposa 50 akatswiri akhala akukokanakokana pa funso limodzi: kodi anthu amenewa azigwira bwanji ntchito? Wina azimaliza kaye yake n'kupatsira mnzake, kapena onse azigwirira limodzi kachigawo kakang'ono, kukayesa, kenako n'kubwerera kudzawonjezera?

Njira yoyambayo ndi yotsatizana, ndipo akatswiri amaitcha waterfall. Yachiwiri ndi yobwereza, yomwe masiku ano yatchuka ndi dzina lakuti agile. Ntchito zimene zimagwiridwa m'njira ziwirizi n'zimodzimodzi: kufufuza zofunika, kukonza mapulani, kulemba code ndi kuyesa. Pamene zimasiyana ndi pa nthawi imene gulu limazindikira kuti lasokera. M'njira yotsatizana zimenezi zimatulukira kumapeto, ndalama zambiri zitapita kale. M'njira yobwereza zimatulukira pakangotha milungu iwiri kapena itatu, bola gululo likhale lofuna kumva.

Njira yotsatizana

Ntchito imayamba ndi kulemba zonse zimene pulogalamu iyenera kuchita. Akatswiri amakhala pansi ndi eni ntchito kwa miyezi, n'kutulutsa chikalata chimene nthawi zina chimafika masamba mazanamazana. Eni ntchito akasaina, chikalatacho chimapita kwa okonza mapulani a m'kati mwa pulogalamu ndi maonekedwe ake. Mapulani akavomerezedwa, olemba code amayamba yawo. Iwo akamaliza, oyesa amalandira pulogalamu yonse n'kuyamba kufufuza zolakwika. Pomaliza pulogalamu imaperekedwa kwa oigwiritsa ntchito, kawirikawiri tsiku limodzi, yonse yathunthu. Pakati pa gawo lililonse ndi linzake pamakhala chipata, ndipo chimatsegulidwa ndi siginecha ya mkulu wina.

Kaganizidwe kameneka kanachokera kwa mainjiniya omanga milatho, ndege ndi zida za nkhondo, ndipo m'masiku oyambirira a makompyuta kanali komveka. Kompyuta inali chimakina chodzaza chipinda, chodula kwambiri, ndipo wolemba pulogalamu ankaboola makadi, kuwapereka, n'kudikira maola kapena tsiku lonse kuti aone zotsatira. Munthu wotere sakanayeserera mwachisawawa. Ankayenera kuganiza mofatsa asanayandikire makinawo. Mu 1956 Herbert Benington anafotokoza mmene ankamangira, gawo ndi gawo, mapulogalamu a SAGE, makina a asilikali a ku America ozindikira ndege za adani. Mu 1968 bungwe la NATO linaitanitsa msonkhano ku Garmisch m'dziko la Germany, kumene akatswiri anadandaula kuti mapulogalamu akuluakulu akuchedwa, akudya ndalama zopitirira bajeti ndipo akutuluka ndi zolakwika. Ambiri anaona kuti mankhwala ake ndi mwambo wokhwima wonga wa mainjiniya ena.

Dzina limene limatchulidwa kawirikawiri pa nkhaniyi ndi la Winston Royce, amene mu 1970 analemba pepala lonena za kayendetsedwe ka mapulogalamu akuluakulu. Patsamba lina anajambula mabokosi otsika ngati masitepe, kuyambira pa zofunika mpaka pa kugwiritsa ntchito. Chodabwitsa n'chakuti Royce yemweyo anachenjeza kuti kutsatira chithunzicho mmene chilili n'koopsa, chifukwa kuyesa kumabwera mochedwa. Analangiza kuti pulogalamu izimangidwa kawiri, koyamba kophunzirirapo, ndiponso kuti kasitomala azitengapo mbali ntchito ili m'kati. Anthu anatenga chithunzi, chenjezo n'kulisiya. Mu 1985 unduna wa za chitetezo ku America unatulutsa malamulo otchedwa DOD-STD-2167, omwe makampani ambiri anawamva kuti akuwalamula kutsatira magawo amenewa motsatizana, ndipo maboma ndi makampani a m'mayiko ena anatengera.

Sikuti otsatira njirayi anali opanda nzeru. Njira yotsatizana imayankha mafunso amene wolipira aliyense amafunsa: ndidzalandira chiyani, liti, pa mtengo wanji? Imagwirizana bwino ndi kontirakiti komanso ndi malamulo a kagulidwe ka zinthu m'boma, amene amafuna kuti chogulidwa chifotokozedwe chonse makampani asanapikisane. Imasiya zikalata zimene wobwera m'mbuyo angawerenge. Inalinso ndi umboni kumbuyo kwake: Barry Boehm, m'buku lake la 1981, anasonyeza kuti m'mapulojekiti akuluakulu kukonza cholakwika pulogalamu itaperekedwa kale kumatha kudya ndalama zochuluka mpaka ka 100 poyerekeza ndi kuchigwira chikadali papepala. Zikatero, nzeru yooneka yoongoka ndi yakuti maganizo onse athere papepalapo.

Pamene imagwera

Vuto n'lakuti papepala sipaoneka zonse. Munthu amene wagwira ntchito ya muofesi kwa zaka 20 akafunsidwa kuti afotokoze ntchito yake, amanena zimene zili m'buku la malamulo, osati njira zachidule zimene iye ndi anzake amadutsa tsiku ndi tsiku. Sanama ayi, zambiri amangozichita osaziganizira. Amadzazikumbukira akaona pulogalamu pasikirini n'kupeza kuti ilibe malo olembapo chinthu chimene amalemba m'mphepete mwa fomu iliyonse. Ngati kuona koyambako kukubwera patatha zaka ziwiri, kukonza kumatanthauza kugumula. Pa zaka ziwirizo malamulo a misonkho amakhala atasintha, bwana amene anasaina atachoka, ndipo mafoni amene anthu ali nawo m'manja atakhala ena.

Palinso vuto la malipoti. Pulojekiti yotsatizana imatha kuoneka yathanzi mpaka mochedwa kwambiri, chifukwa chimene chimawerengedwa ndi zikalata zomalizidwa, osati pulogalamu yoyenda. Zigawo zolembedwa ndi magulu osiyana zimadzalumikizidwa kumapeto, ndipo apo m'pamene zimakana kugwirizana. Nthawi ikatha, gawo limene limafinyidwa ndi lomwe latsala, ndipo lotsalalo ndi la kuyesa.

Chitsanzo chimene chimaphunzitsidwa kwambiri ndi cha FBI, bungwe la apolisi ofufuza milandu ku America. Kuyambira mu 2001 bungweli linkafuna pulogalamu yotchedwa Virtual Case File yoti ilowe m'malo mwa mafayilo a mapepala ndi makina akale. Chikalata cha zofunika chinapitirira masamba 800. Zigawenga zitaukira New York ndi Washington pa 11 September 2001, zofuna za bungweli zinasintha, ndipo zopempha zoti ichi ndi icho chisinthidwe zinkangobwera ntchito ili m'kati. Kampani ya SAIC inapereka pulogalamuyi kumapeto kwa 2003, FBI inaipeza yosagwiritsika ntchito, ndipo mu 2005 inatayidwa itadya madola pafupifupi 170 miliyoni. Ku Britain nako, pulojekiti yaikulu yolumikiza mbiri za odwala m'zipatala za boma za NHS, yomwe inayamba mu 2002, inathetsedwa mu 2011, ndipo mtengo wake unayandikira mapaundi 10 biliyoni.

Pulojekiti ikachedwa, mamanijala amathamangira kulemba anthu ena. Fred Brooks, amene anatsogolera ntchito yomanga OS/360 ku IBM, anafotokoza m'buku lake la 1975, The Mythical Man-Month, kuti kuchita zimenezi kumangoichedwetsa kwambiri. Obwera kumene amafunika kuphunzitsidwa ndi omwe atanganidwa kale, ndipo njira zolankhulirana zimachuluka mofulumira kuposa anthuwo: pakati pa anthu 5 pali njira 10, pa anthu 10 pali 45, pa anthu 50 pali 1,225.

Njira yobwereza

Telala wodziwa ntchito akamasoka suti ya ukwati sayeza thupi kamodzi n'kudzaonana ndi mwini wake pa tsiku la ukwatilo. Amalumikiza nsalu mongogwiriza, amamuitana kuti ayese, amabweza apa n'kumasula apo, kenako ndiye amasoka zolimba. Njira yobwereza imayenda chimodzimodzi. Gulu limasankha kachigawo kakang'ono ka pulogalamu, limakafufuza, kukajambula, kukalemba ndi kukayesa m'milungu yochepa, n'kukaika m'manja mwa munthu amene adzakagwiritse ntchito. Zimene munthuyo wanena, makamaka zimene wachita, ndi zomwe zimatsogolera ulendo wotsatira.

Anthu ambiri amayesa kuti njirayi ndi yatsopano, koma ndi yakale ngati inzakeyo. Olemba mapulogalamu a Project Mercury, ntchito ya NASA yotumiza munthu m'mlengalenga cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ankagwira ntchito m'timaulendo tatifupi kwambiri. Pulogalamu yaikulu yoyendetsa chombo cha space shuttle inamangidwa ndi IBM m'maulendo 17 pa miyezi 31. Mu 1986 Boehm yemwe uja anafotokoza njira yozungulira imene ulendo uliwonse umayamba ndi funso lakuti choopsa kwambiri pa pulojekitiyi n'chiyani, kuti chiyesedwe msanga. Chaka chomwecho aphunzitsi awiri a ku Japan, Hirotaka Takeuchi ndi Ikujiro Nonaka, analemba m'magazini ya Harvard Business Review za mmene makampani monga Honda, Canon ndi Fuji-Xerox ankapangira katundu watsopano. Anati makampani ochedwa amakhala ngati othamanga mpikisano wopatsirana kamtengo, pomwe ofulumira amakhala ngati timu ya rugby imene imayenda pamodzi ikupatsirana mpira.

Maganizo amenewa ndi amene Jeff Sutherland ndi Ken Schwaber anawatenga pokonza njira ya Scrum, yomwe anaifotokoza poyera mu 1995 pa msonkhano wa ku Austin, Texas. Cha nthawi yomweyo Kent Beck ankatsogolera gulu lolemba pulogalamu ya malipiro ku kampani ya magalimoto ya Chrysler, kumene kunakhwimira njira ya Extreme Programming: anthu awiri pa kompyuta imodzi, mayeso kulembedwa code isanalembedwe, ndiponso woimira kasitomala kukhala m'chipinda chomwecho. Mu February 2001 anthu 17 a maganizo otere anakumana ku Snowbird m'chigawo cha Utah n'kulemba chikalata chachifupi cha Agile Manifesto. Mfundo zake zinayi zinaika patsogolo anthu ndi kukambirana kwawo, pulogalamu yoyenda, kugwirizana ndi kasitomala, komanso kulandira kusintha. Sanakane zikalata, mapulani kapena makontirakiti. Anangoti zimenezi zizibwera pambuyo. Mbali imeneyi ambiri amaiiwala.

Mmene sabata imayendera

Mu Scrum, yomwe ndi njira yofala kuposa zonse za mtunduwu, gulu limakhala la anthu 10 kapena ocheperapo, ndipo m'gulumo mumakhala maluso onse ofunika. Zofunika zonse zimalembedwa pa mndandanda umodzi wotchedwa backlog, ndipo munthu mmodzi, product owner, ndiye ali ndi mphamvu yonena chimene chikhale pamwamba. Ntchito imagawidwa m'nyengo zofanana zotchedwa sprint, zosapitirira mwezi. Magulu ambiri amasankha milungu iwiri. Sprint ikamayamba, gulu limatenga zapamwamba pa mndandanda zimene likuona kuti lingamalize. Tsiku lililonse limakumana kwa mphindi 15, nthawi zambiri choimirira kuti nkhani zisatalike. Kumapeto limaonetsa eni ntchito chinthu choyenda, osati lipoti, kenako limakhala palokha kukambirana zimene zinavuta ndi zoti lisinthe. Magulu ena sagawa nthawi chotere koma amatsata Kanban, njira yochokera m'mafakitale a Toyota, imene imaika malire pa kuchuluka kwa ntchito zoyambidwa nthawi imodzi.

Luso lenileni lagona pa kadulidwe ka ntchito. Tiyerekeze pulogalamu ya chipatala. Gulu losazolowera limati mwezi uno limange mosungira zinthu, mwezi wamawa maonekedwe, ndipo pakutha pa miyezi iwiriyo palibe chimene namwino angayese. Gulu lozolowera limayamba ndi chinthu chimodzi chathunthu, monga kulembetsa wodwala watsopano ndi kumupezanso akabweranso. N'chaching'ono, koma kalaliki wa pakhomo la chipatala atha kuchigwiritsa ntchito Lolemba, ndipo pofika Lachitatu gulu ladziwa kale kuti odwala ambiri sadziwa tsiku lawo lobadwa, kuti dzina limodzi limalembedwa m'njira zitatu, ndiponso kuti magetsi akazima mzere suima.

Zonsezi zimatheka pokhapokha ngati kusintha code n'kotsika mtengo, ndipo zimenezi sizibwera zokha. Pamafunika mayeso amene kompyuta imayendetsa yokha nthawi iliyonse wina akasintha kanthu, kuti chatsopano chikaswa chakale zidziwike pa mphindi zochepa. Pamafunika kulumikiza ntchito ya onse tsiku lililonse m'malo modikira kumapeto. Makampani amene anakhwima pa zimenezi amatulutsa zosintha pafupipafupi modabwitsa: mu 2011 Amazon inanena kuti pa masiku a ntchito inkatulutsa chosintha pa masekondi 11.6 aliwonse. Kufulumira kopanda mwambo kumaluma. Pa 1 August 2012 kampani ya Knight Capital ya ku America, yogula ndi kugulitsa masheya, inaika pulogalamu yatsopano m'makompyuta ake koma imodzi inatsala ndi yakale, ndipo inataya madola pafupifupi 440 miliyoni pa mphindi 45.

Phindu lalikulu la kuyesa msanga limaoneka pamene anthu agwiritsa ntchito chinthu m'njira imene palibe anaiganizira. M-Pesa ya ku Kenya inayesedwa koyamba mu 2005 m'dera la Thika ndi kwina, mogwirizana ndi bungwe lobwereketsa ndalama la Faulu, ngati njira yoti anthu azibwezera ngongole pafoni. Oyang'anira ntchitoyi anaona kuti anthu akutumizirana ndalama okhaokha, kulipirana pa malonda, ngakhale kusungamo ndalama poyenda ulendo. Pamene kampani ya mafoni ya Safaricom inkaikhazikitsa mu March 2007, inali itasanduka njira yotumizira ndalama kumudzi. Akanati atseke mapulani pa tsiku loyamba n'kumanga kwa zaka zitatu osayang'ana kumbali, akanatulutsa chida chabwino chobwezera ngongole, n'kuphonya chimene anthu ankafuna.

FBI nayo inadzafika pa njirayi, koma itapsanso kachiwiri. Pulojekiti yolowa m'malo mwa Virtual Case File, yotchedwa Sentinel, inaperekedwa kwa kampani ya Lockheed Martin mu 2006, ndipo pofika 2010 inali itadya madola oposa 400 miliyoni ntchito isanathe. Bungweli linaitenga n'kuipereka kwa gulu laling'ono kwambiri logwirira ntchito kulikulu lake ku Washington, m'maulendo a milungu iwiri. Sentinel inayamba kugwira ntchito mu July 2012. Gulu laling'onolo linachedwanso poyerekeza ndi zimene linalonjeza, ndipo linamanga pamwamba pa zimene anzawo anasiya, choncho ulemu wonse sungapite ku njira yokha. Komabe pulogalamu inatuluka.

Madizaina ndi olemba code

M'njira yotsatizana dizaina amagwira ntchito yake koyambirira. Amajambula sikirini iliyonse, amalemba kukula kwa batani lililonse, n'kupereka mtolo wonsewo kwa olemba code. Ubwino wake ndi wakuti amakhala ndi nthawi yoona chinthu chonse pamodzi, kotero kuti tsamba loyamba ndi lomaliza zimafanana. Kuipa kwake ndi kwakuti amajambula zinthu zimene mwina n'zovuta kumanga, olemba code amazisintha mwakachetechete, ndipo pamene dizaina akuona zotsatira amakhala atatumizidwa kale ku pulojekiti ina. Aliyense amaloza mnzake chala. Melvin Conway anaona kale mu 1968 kuti chinthu chimene bungwe lapanga chimatengera mmene anthu a m'bungwemo amalankhulirana. Ngati madizaina ali m'chipinda china ndipo amangolankhula ndi olemba code kudzera m'zikalata, mng'alu umenewo udzaonekera pasikirini.

Njira yobwereza sinathetse vutoli msanga, chifukwa amene anaiyambitsa anali makamaka olemba code, ndipo dizaina sanamuganizire kwenikweni. Kufunsa anthu, kuwaonerera akugwira ntchito ndi kuyesa maganizo angapo sizikwana bwino m'milungu iwiri yomwe code ikulembedwanso. Dizaina wokakamizidwa kuthamanga chotere amangokongoletsa zimene zamangidwa kale, ndipo pulogalamu yomangidwa kachidutswa kachidutswa popanda woona chithunzi chonse imadzakhala ndi mabatani atatu osiyana ochita chinthu chimodzi.

Yankho limodzi linafotokozedwa mu 2007 ndi Desirée Sy, kuchokera pa zimene gulu lake linkachita ku kampani ya Alias, yomwe inagulidwa ndi Autodesk. Madizaina amayenda ulendo umodzi patsogolo: pamene olemba code akumanga za sprint ino, iwo akujambula ndi kuyesa za sprint yotsatira, akufufuza za yotsatira inzake, komanso akuyesa ndi anthu zimene zinamangidwa mu sprint yapita. Njirayi imagwira, koma ikapanda kusamalidwa imasanduka waterfall yaing'ono, dizaina akungoponyera zojambula kutsidya milungu iwiri iliyonse. N'chifukwa chake magulu ambiri tsopano amafuna kuti wolemba code mmodzi azikhalapo pamene anthu akufunsidwa, ndipo dizaina azikhala pambali pa wolemba code pamene sikirini ikumangidwa. Zida monga Figma, imene inatuluka mu 2016, zathandiza chifukwa onse amaona ndi kusintha chojambula chimodzi nthawi imodzi.

Chida champhamvu cha dizaina ndi chotsika mtengo kuposa zonse: chitsanzo chongoyeserera, ngakhale chojambulidwa papepala ndi pensulo. Munthu amapatsidwa ntchito yoti achite, dizaina amakhala chete n'kumaona pamene akukakamira. Jakob Nielsen anasonyeza kuti kuyesa ndi anthu 5 okha kumavumbula mavuto ambiri a kagwiritsidwe ntchito, ndipo analangiza kuti kuli bwino kuyesa katatu ndi anthu ochepa kusiyana ndi kamodzi ndi anthu ambiri. Jake Knapp, akugwira ntchito ku Google, anakonza ndondomeko ya masiku asanu imene gulu limamvetsa vuto Lolemba n'kufika poyesa chitsanzo ndi anthu enieni Lachisanu, code isanalembedwe ngakhale mzere umodzi. Apa phunziro la Boehm lija likugwirabe ntchito, koma mwa njira ina: cholakwika chigwidwe chikadali papepala, kungoti pepalalo lionedwe ndi wogwiritsa ntchito, osati bwana wosaina yekha.

Boma la Britain, litapsa ndi mapulojekiti akuluakulu, linakhazikitsa nthambi ya Government Digital Service mu 2011, ndipo webusaiti ya GOV.UK inatsegulidwa mu 2012. Ntchito iliyonse yatsopano imadutsa m'magawo: kufufuza zosowa za anthu, kuyesa zitsanzo, kutsegulira anthu ochepa, kenako onse. Mabatani, mafomu ndi zilembo zinasonkhanitsidwa pamalo amodzi kuti gulu lililonse lizitenga pomwepo, ndipo umu ndi mmene magulu ambiri othamanga payekhapayekha amatulutsira zinthu zofanana. Limodzi mwa malangizo awo ndi lakuti fomu iyambe ndi funso limodzi pa tsamba. Ku Malawi nzeru yofananayo inaoneka kale m'makompyuta odina pasikirini a Baobab Health, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 2001 pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chomwe lero ndi Kamuzu Central: mabatani akuluakulu, funso limodzi pa sikirini, ndi kapepala ka barcode komata m'buku la kuchipatala la wodwala. Maonekedwe otere amabadwa dizaina akaima pambali pa kalaliki amene sanagwirepo kiyibodi, mzere wa odwala uli pakhomo.

Malire a njira yobwereza

Njira yobwereza ili ndi manda ake. Pulojekiti ya Chrysler ija, yomwe inatchukitsa Extreme Programming, inathetsedwa mu 2000 isanafike polipira antchito onse amene inalinga. Ku Britain, ofesi yofufuza kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za boma inapeza mu 2013 kuti pulojekiti ya ndalama zothandizira anthu ya Universal Credit, imene inkati ikutsata agile, inalibe chithunzi chomveka cha mmene ntchito yonse idzayendere, ndipo zinthu za mapaundi 34 miliyoni zinali zitatayidwa. Kubwereza popanda kudziwa kolowera ndi kuzungulira chabe.

Njirayi imafunanso zinthu zimene mabungwe ambiri sakonda kupereka. Imafuna munthu wa mphamvu zogamula amene azipezeka sabata iliyonse, osati komiti yokumana kamodzi pa miyezi itatu. Imafuna wolipira amene angavomere kuti tsiku ndi ndalama zidziwike, koma mndandanda wa zomwe zidzamangidwe uzisintha. Maboma ndi mabungwe opereka thandizo, amene amafuna zonse zilembedwe mu kontirakiti ndalama zisanatuluke, zimenezi zimawavuta. Zotsatira zake ndi zimene zafala m'maofesi ambiri: misonkhano ya choimirira m'mawa uliwonse, timapepala tamitundumitundu pakhoma, koma zofunika zinatsekedwa chaka chatha ndipo wogwiritsa ntchito adzaona pulogalamu chaka chamawa. Kumeneko n'kutsatizana kovala malaya a eni. Palinso ngongole imene Ward Cunningham anaifotokoza mu 1992: gulu likamathamangira kuonetsa zatsopano sprint iliyonse osabwerera kukakonza za m'kati, code imalimba mpaka kusintha kakang'ono kumatenga mwezi.

Ndipo pali ntchito zimene kulakwitsa koyamba kumapha. Pulogalamu yoyendetsa ndege, makina othandiza mtima kugunda kapena mabuleki a galimoto siyesedwa pa anthu kuti aone zimene zichitike. Malamulo monga DO-178C a mapulogalamu a m'ndege amafuna umboni wolembedwa wosonyeza kuti chofunika chilichonse chinamangidwa ndiponso chinayesedwa. Magulu a ntchito zotere amabwerezabe, koma m'chipinda choyesera, ndipo chipata chomaliza chimakhala chokhwima. Zinthu zovuta kugumula, monga kasungidwe ka mbiri za anthu mamiliyoni, chitetezo chake, ndi kalumikizidwe ndi makina a banki, zimafunanso kuganiziridwa mofatsa koyambirira ngakhale pa pulojekiti ya agile.

Pa chifukwa chimenechi mapulojekiti ambiri enieni amasakaniza. Amayamba ndi nyengo yaifupi yofufuza ndi kugamula zinthu zovuta kusintha, amamanga mobwereza, ndipo amapereka pulogalamu pang'onopang'ono, ofesi imodzi kapena boma limodzi kaye, m'malo mosintha dziko lonse usiku umodzi. Posankha kuti mbali iti ikule, mafunso othandiza ndi awiri: kodi zofunika zikudziwika motsimikizika bwanji, ndipo kusintha pambuyo pake kudzadya zingati? Pamene lamulo lanena kale zonse ndipo kulakwitsa n'koopsa, kutsatizana kuli ndi malo ake. Pamene pulogalamu idzagwiritsidwa ntchito ndi anthu wamba amene palibe anawaonapo akuigwira, bungwe lolipira liyenera kulemba mu kontirakiti kuti lizionetsedwa pulogalamu yoyenda mwezi uliwonse, ndipo oiyesa akhale amene adzaigwiritse ntchito.